Kubereka kompyuta kumsana, zomwe ndaphunzira pa asaimenti ya semesita ino

Semesita ino pa kosi ya hardware aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe chipangizo chimodzi chomwe chinabwera ndi mkokomo kenako nkuzilala, ndiye afotokoze chifukwa chake anachipanga mmene chinaliri komanso chomwe chinachichotsa pamsika. Anzanga ambiri anathamangira ma netbook ndi mafoni akale aja a mabatani. Ine ndinasankha makompyuta oberekera kumsana omwe anthu ankavala posewera magemu a VR (virtual reality, yovala chipangizo kumaso nkumaona ngati uli mkati mwa gemu), ndipo kunena zoona ndinasankha poganiza kuti ndi nkhani yophweka, ndingolemba kuti anali maganizo opanda pake, ndani angafune kubereka kompyuta ngati mwana, basi nditenge malikisi anga. Pano ndamaliza ndipo zomwe ndalemba ndi zosiyaniratu ndi zomwe ndinayamba nazo, nde ndati ndilembe pano mwina wina amene akuphunzira zomwezi zimuthandiza.

Chinandisintha maganizo ndi tsiku lomwe ndinavala headset, chipangizo cha VR chovala kumaso chija, koyamba. Ku labu kwathu kuli HTC Vive yakale, mtundu womwe unatuluka mu April 2016 pa mtengo wa madola 799. Ukaivala kumaso chipinda chonse chimasowa, umangoona dziko la mu gemu, ukatembenuka nalonso limatembenuka, ukawerama umaona pansi pa tebulo lomwe kulibe. Koma kumbuyo kwa mutu kumachoka chingwe chonenepa, chotalika pafupifupi mamita 5, chopita ku kompyuta ili pakona. Mphindi zoyamba sumachimva. Kenako ukazungulira kawiri mbali imodzimodzi chimayamba kukukoka kumutu, chimakwawa paphewa, chikafika pa akakolo ndiye maganizo onse amachoka mu gemu muja nkupita ku phazi. Mnzanga wa mkalasi anaima kumbuyo kwanga atachinyamula mmwamba nkumandiuza kuti "aise bwerera kumanzere, wapota waya", ndipo nthawi iliyonse akalankhula dziko lonse lija limatha, ndimakumbukira kuti ndili mu labu yokhala ndi mipando ya pulasitiki. Nditavula ndinazindikira kuti vuto lomwe anthu opanga zikwama za makompyuta oberekera kumsana aja ankalimbana nalo linali lenileni, si zongofuna kugulitsa katundu ayi.

Ndiye funso langa loyamba kwa aphunzitsi linali loti, aphunzitsi, nanga bwanji sanangochotsa chingwecho nkugwiritsa ntchito Wi-Fi poti inalipo kale? Iwo sanandiyankhe, anangoti kawerengetsere kaye deta yomwe imadutsa mu chingwemo ubwere nayo mawa. Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi kope. Masikirini awiri a Vive pamodzi ndi ma pixel 2160 kuchulukitsa ndi 1200, zomwe zikukwana 2,592,000. Chithunzi chimasintha ka 90 pa sekondi. Pixel iliyonse ma bit 24. Ukachulukitsa zonsezi ukupeza pafupifupi ma gigabit 5.6 pa sekondi iliyonse, osapanikiza kalikonse. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa ma zero. Wi-Fi ya mmanyumba ya nthawi imeneyo sikanatha kunyamula katundu wotere mosadukiza, ndipo ukati upanikize vidiyoyo kuti ichepe ndiye kuti ukuwonjezera nthawi, pomwe nthawiyo ndi imene ilibe.

Apa ndi pomwe ndinakhalitsa kwambiri chifukwa ndi pomwe phunziro la latency, kutanthauza kuchedwa kwa chipangizo kuyankha, linandilowa mmutu koyamba. Takhala tikuliloweza chaka chonse, tanthauzo lake ndimatha kulilemba pa mayeso, koma linali liwu chabe. Pa 90 Hz kompyuta ili ndi mamilisekondi 11.1 okha kuti ijambule chithunzi chatsopano cha maso onse awiri. Ndipo anthu opanga VR amayesetsa kuti kuchokera pomwe mutu wasuntha kufika pomwe diso laona kusinthako pasadutse mamilisekondi 20. Zikachedwa, mkati mwa khutu mmene mumasunga balansi mumanena kuti watembenuka pomwe maso akunena kuti sunatembenuke, ndiye thupi limasokonezeka, chizungulire, nseru, ena mpaka thukuta lozizira. Vidiyo ya pa YouTube ikachedwa sekondi imodzi umangodikira, VR ikachedwa pang'ono chabe munthu amadwala. Ndiye mainjiniya a 2016 anali ndi zinthu ziwiri patsogolo pawo, chingwe sichingachoke, komanso kompyuta yamphamvu singachoke. Chomwe anachita nkufupikitsa chingwecho nkuika kompyutayo pamsana pa wosewera. Nditaziona choncho ndinasiya kuziseka.

Chaka cha 2016 makampani angapo anatulutsa zawo pafupifupi nthawi imodzi. MSI inabwera ndi VR One yolemera makilogalamu 3.6, ya GPU (chipangizo chojambula zithunzi mu kompyuta) ya GTX 1060 kapena 1070, yokhala ndi mabatire awiri. Zotac inatulutsa VR GO ya GTX 1070 pa mtengo wa pafupifupi madola 2,000. HP inali ndi Omen X ya magemu kenako Z VR ya anthu a ntchito mu 2017, ku Germany a Schenker anali ndi XMG Walker. Koma ganizo lenilenilo ndi lakale kuposa pamenepo, mu 1997 a Steven Feiner ndi anzawo ku Columbia University anali akuyenda kale pa kampasi atabereka kompyuta mu pulojekiti yawo ya Touring Machine, kungoti yawoyo inali ya augmented reality, yoonjezera zolemba pa zinthu zenizeni zomwe ukuona.

Kanthu kena kamene kanandisangalatsa ndipo sindinakaganizireko nkoyamba komwe ndi koti zikwamazi zinkayenda bwino ndi Vive osati ndi Oculus Rift yoyamba ija, ngakhale zonse zinatuluka chaka chimodzi. Chifukwa chake chili mu mmene iliyonse imadziwira pomwe mutu wako uli. Rift inali ndi makamera oima pa tebulo omwe amayenera kulumikizidwa ku kompyuta ndi USB, ndiye kompyuta ikakwera pamsana makamera aja atsala ndi ndani? Vive inali ndi timabokosi tiwiri totchedwa base station timene timangofuna magetsi basi, ntchito yake nkusesa chipinda ndi kuwala kwa laser, headset ndi imene imalandira kuwalako nkutumiza ku kompyuta. Ndiye kompyuta itha kupita kulikonse komwe headset yapita. Chisankho chimodzi chomwe anthu ena anapanga pa nkhani ya tracking chinatsegulira njira chipangizo china chomwe mwina sankachiganizira nkomwe. Ndime imeneyi ndi yomwe ndinaikonda mu asaimenti yonse.

Kenako ndinafuna kuona ndi maso anga chifukwa chake sanangouza anthu kuti ikani laputopu mu chikwama cha kusukulu. Mnzanga uja ali ndi laputopu ya magemu, ndinamupempha, anavomera monyinyirika ndipo anati akhala pompo kuyang'anira. Tinayatsa pulogalamu yoyeza mphamvu ya GPU, tinaika pulogalamu ina yolemba kutentha ndi liwiro, tinasintha setting kuti isagone ukaitseka, kenako tinailowetsa mu chikwama changa zipi titasiya theka. Sipanatenge nthawi mafani anayamba kulira ngati akufuna kutuluka, ndikayika dzanja pansalu ya kumsana ndimamva kutentha kukudutsa, kafungo ka pulasitiki yofunda kakutuluka pa zipi paja. Mnzanga anati basi yakwana, itulutse. Titayang'ana zomwe pulogalamu inalemba tinaona mzere wa kutentha ukukwera mpaka pamwamba kenako mzere wa liwiro ukugwa, uku ndiye ku thermal throttling komwe tinaphunzira mwezi wathawu, chipangizo chikudzichepetsa mphamvu chokha kuti chisapse. Tinaonanso china chomwe sitinachiyembekezere, titangozula chaja liwiro linali litatsika kale kutentha kusanayambe, chifukwa malaputopu ambiri akakhala pa batire salola GPU kukoka magetsi onse. Mu VR kutsika koteroko ndi mafelemu otayika, zithunzi zosajambulidwa pa nthawi yake, ndipo mafelemu otayika ndi nseru ija.

Nditabwerera kukayang'ana zithunzi za zikwama zenizeni zija ndinayamba kuwerenga mapangidwe ake ngati mmene umawerengera kalata. Mpata wosiyidwa pakati pa kompyuta ndi msana, mabowo otulutsira mpweya wotentha kutali ndi thupi, malamba a mchiuno kuti kulemera kusathere pa mapewa, madoko a HDMI ndi USB oikidwa pamwamba pafupi ndi khosi kuti chingwe chikhale chachifupi. Chilichonse chinali yankho la vuto lomwe ndinali nditangolimva ndi dzanja langa.

Nkhani ya batire inandivuta pang'ono poyamba koma inandipepukira nditaiyerekeza ndi sola ya kwathu kumudzi. Aliyense amene wakhalapo ndi batire ya sola amadziwa kuti mababu awiri ndi wailesi zimafika mmawa, koma ukalumikiza chinthu chokoka kwambiri pofika 9 koloko muli mumdima. Masamu ake ndi omwewo, ma watt-hour kugawa ndi mawati. GTX 1070 ya pa desktop payokha imakoka mpaka mawati 150, onjezerapo purosesa, mafani ndi headset yomwe imadyanso pomwepo. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi mawati 200, batire ya 100 Wh ikupatsa theka la ola basi. Ukafuna maola ambiri ukuwonjezera mabatire, ukawonjezera mabatire ukuwonjezera kulemera, munthu uja akufunika kudumpha ndi kuwerama atabereka zonsezo. Nchifukwa chake MSI inkanena za pafupifupi ola limodzi ndi theka lokha pa mabatire onse pamodzi, ndipo nchifukwa chake anaika mabatire awiri oti utha kuchotsa imodzi nkuika yodzadza kompyuta isanazime, zomwe amati hot swap. Mu asaimenti ndinajambula kachithunzi ka makona atatu, kona imodzi mphamvu, ina kulemera, ina nthawi ya batire, ndipo ukakoka imodzi zinazo zimakutsatira.

Pomwe ndinalakwitsa kwambiri mu dirafiti yoyamba mpoti ndinalemba kuti zikwamazi zinalephera. Aphunzitsi anazunguliza liwu limenelo ndi cholembera chofiira nkulemba pambali kuti, zinalephera kwa ndani? Kwa munthu wa kunyumba inde, kulipira madola 2,000 kuwonjezera pa headset kuti uziyenda mchipinda cha mamita atatu kunalibe phindu. Koma kunali malo ena komwe zinagwira ntchito zaka zingapo. Kampani ya malo osewerera VR ya Zero Latency inatsegula ku Melbourne, Australia mu 2015, chinyumba chachikulu chopanda zipinda momwe gulu la anthu limayenda limodzi aliyense atabereka kompyuta yake, pamenepo chingwe nchosatheka nkomwe, anthu 8 angakolane mu mphindi imodzi. The Void ya ku Utah inapita patali, inkamanga makoma enieni ogwirizana ndi a mu gemu kuti ukatambasula dzanja ukhudze khoma lomwe ukuliona, ndipo mu 2016 inatsegula malo ake ku Madame Tussauds ku New York. Kumalo oterewa gemu imatenga mphindi zochepa, ogwira ntchito amasintha mabatire gulu lina lisanalowe, mtengo wa chikwama umagawidwa pa anthu ambirimbiri olipira pakhomo. Zofooka zonse zija za batire ndi mtengo kumeneko sizinali vuto. The Void inatseka malo ake mu 2020 nthawi ya Covid, pomwe kubwerekana chinthu chovala kumaso kunali kosatheka.

Chomwe chinazichotsa chinabwera mbali ziwiri. Mbali imodzi ma wireless adapter, TPCast mu 2017 ndi ya HTC yomwe mu 2018, zogwiritsa ntchito 60 GHz yomwe imanyamula deta yambiri koma siidutsa khoma. Mbali ina Oculus Quest mu May 2019 pa madola 399, yomwe inaika purosesa ya mu foni, Snapdragon 835, mu headset momwemo pamodzi ndi makamera odziwira pomwe uli, popanda chingwe, popanda base station, popanda kompyuta. Zithunzi zake sizinkafika pa za GTX 1070 ngakhale pang'ono, koma anthu ambiri anasankha kupepuka ndi mtengo. Quest 2 inatsatira mu October 2020 pa madola 299. Ngakhale Zero Latency yomwe mu 2022 inasiya zikwama nkuyamba kutumiza zithunzi pa Wi-Fi 6E kupita ku headset ya Vive Focus 3, makompyuta atabwerera pansi. Zinandikhudza ndithu kuona kuti funso lomwe ndinafunsa aphunzitsi tsiku loyamba lija linali ndi yankho loti nzotheka, kungoti linafunika zaka zina zisanu ndi chimodzi za ntchito ya anthu pa mawailesi ndi kapanikizidwe ka vidiyo.

Ndapereka asaimenti Lachisanu. Aphunzitsi avomera kuti semesita ikubwerayi ndipitirize ndi mbali ya Wi-Fi imeneyi ngati pulojekiti, ndiyeze ndekha kuti kupanikiza chithunzi, kuchitumiza ndi kuchimasula kumadya mamilisekondi angati pa rauta ya ku labu, koyamba mu labu muli phee kenako kalasi yonse italumikiza mafoni. Mnzanga uja wati laputopu yake andibwerekanso bola isalowenso mu chikwama.