Bolodi imayamba yalira isanathyoke

Lolemba lililonse ndimadzuka m'mamawa ku Mufakose, mu Harare muno, kukwera kombi, kuti ndikafike ku holo ana asanabwere. Ntchito imene anandilembera ndi yosesa ndi kukonza zowonongeka, koma mabolodi atatu amene ana a gymnastics amadumphirapo ndawazolowera ngati mmene bambo anga ankaidziwira njinga yawo. Iwo anachoka ku Dedza tauni ino ikadali Salisbury, ndipo ankati chitsulo chikayamba kulira usamachitontholetse ndi mafuta usanafunse chomwe chikuliritsa.

Pochiona chinthucho n'chosaopsa. Matabwa awiri a plywood, masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi, olumikizana mbali imodzi, masipuling'i pakati, kapeti pamwamba. Koma mwana amachokera kutali, mpaka mamita 25, ali pa liwiro, n'kudzaponda ndi mapazi onse awiri pakamalo kamodzimodzi. Tsiku lonse, ana makumi angapo.

Ndimayamba ndi khutu. Ndimakwerapo n'kunjanja pang'ono. Yabwino imangoti bu! kamodzi, zii. Ikati kwee, kapena gwedegwede, ndiye kuti bawuti yamasuka kapena sipuling'i yaguluka pamalo pake. Ndikatero ndimaigoneka chammbali, sipanala m'manja. Masipuling'i ndimawazula onse n'kuwaimika pasimenti mondondozana. Yotopa siibisala, imafupikirapo kuposa inzake kapena imapendekeka ngati munthu wa mowa. Nyengo ya mvula ndimaonjezera kufufuza dzimbiri ndi chinyezi, chifukwa denga lathu limadontha pakona ndipo plywood ikamwa madzi imayamba kusendeka m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Mng'alu umabisala pansi pa kapeti, ndiye ndimayendetsa chikhatho pang'onopang'ono pamene pamapondedwa kwambiri.

Chomwe ndinachipeputsa ndi timphira ta kunsi. February wathayu ndinaona kuti tasalala, ndinati ndisintha sabata yamawa. Lachitatu lake kamtsikana ka zaka 9 kanabwera kathamanga, bolodi n'kutsetsereka pafumbi la choko, iko n'kukagunda tebulo limene ana amalidumpha akachoka pabolodi ndi chifuwa. Sikanathyoke paliponse. Koma kwa milungu itatu kankati kakafika pabolodi n'kuima njii, misozi ili mbwembwembwe. Tsiku lina kanandifunsa m'Chichewa cha agogo ake, "Agogo, lero siithawanso?" Ndinasowa poyang'ana.

Aphunzitsi awo sanandikalipire. Anangondifotokozera za ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000, pamene chimene atsikana amachidumpha akachoka pabolodi chinaikidwa chotsika ndi masentimita 5, akatswiri ngati Svetlana Khorkina n'kumagwa, mpaka wina mwa opikisanawo anadandaula ndipo atayeza anapeza kuti n'zoona. Masentimita 5 okha, chala changa chachikulu ichi. Kuyambira pamenepo tepi yoyezera siichoka m'thumba la ovolosi yanga.

Pamene timasemphana ndi pa masipuling'i. Timachotsako ena ana aang'ono akamadumpha, chifukwa mwana wopepuka sangaifinye bolodi yolimba, imangomupweteka m'miyendo. Akulu timawabwezeramo. Vuto ndi loti anyamata ena amazula okha ine kulibe, mbali imodzi yokha, bolodi n'kumamuponyera munthu chakumbali. Ndiye pali kholo lina lomwe linati, "Achimwene, bwanji osangopita ku Siyaso ku Mbare akakupindireni sipuling'i ina?" Amisiri a kumeneko ndimawapatsa ulemu, wilibala yathu anaiwotcherera ndi iwo ndipo mpaka lero ikuyenda. Koma sipuling'i imodzi ikasiyana mphamvu ndi zinzake, bondo la mwana ndi limene limalipira.

Ndiye bolodi yachitatu ili m'sitolo, ndaikhomera, kiyi ali kwa ine. Masipuling'i ake tinaitanitsa ku Johannesburg mwezi watha ndipo sanafikebe. Ana akudikirirana pa ziwiri zotsalazo, mzere n'kumafika pakhomo.