Banga lija lachoka, koma landidyera masiku anayi

Malaya anga oyera a thonje aja ali pachingwe panopa, ndipo paphewa pali mbee. Ndawatembenuza kangapo padzuwa kufunafuna pomwe panali banga, sindikupapeza.

Linali banga lachikasu chofiirira, pamwamba pa khwapa lakumanja kukwera chakuphewa. Nditangoliona ndinati ndi lija la masiku onse, lobwera aluminiyamu wa m'mankhwala oletsa thukuta akasakanikirana ndi thukutalo. Ndiye ndinachita monga mwa nthawi zonse: masipuni awiri a sodium percarbonate (ufa woyeretsera zovala) mu malita anayi a madzi otentha cha m'ma 50°C, n'kunyika usiku wonse. Kutacha, kolala inali itayera bwinobwino, koma banga lili pomwepo. Tsiku lachiwiri ndinapanga phala la soda, hydrogen peroxide wa 3% (mankhwala amadzi oyeretsera) ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, n'kukhula ndi mswachi. Silinasunthe n'komwe. Ndinaganiza kuti peroxide wanga wasukuluka, poti botolo lake ndinalitsegula kalekale, ndipo ndinakagula lina. Chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu mtima unathamanga, ndinagwira bulichi wa klorini. Ndinangodontheza pang'ono wosungunula, ndipo ndikuona ndi maso angawa bangalo linada, kuchoka pa chikasu kufika pa mtundu wa njerwa. Zinandipweteka zedi, chifukwa malaya amenewa ndi amene amandikhala bwino kuposa onse.

Usiku umenewo m'pamene ndinadzifunsa funso lomwe linayenera kubwera poyamba: thukuta lanji lothimbiriritsa mbali imodzi yokha? Ndinapita kukayang'ana hang'ala yomwe ndimapachikapo malayawa. Ndi yawaya yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo pangodya yakumanja pulasitikiyo inali itang'aluka, waya uli psuu. Ndinakumbukanso kuti ndinawapachika asanaumitsitse. Linali dzimbiri, anzanga.

Apa zonse zinamveka. Percarbonate, peroxide ndi klorini onse amagwira ntchito mofanana, amaphwanya mtundu wa banga pochita oxidation, kutanthauza kulidya ndi okosijeni. Koma dzimbiri ndi chitsulo choti chinadyedwa kale ndi okosijeni, ndiye mankhwala amenewa alibe choti achitepo, ndipo klorini amangolikhazikitsa. Chimene dzimbiri limafuna ndi asidi woti alisungunule n'kulinyamula kuchoka mu ulusi.

Ndisanathire asidi aliyense ndinatsukuluza malayawo katatu m'madzi ambiri mpaka fungo la bulichi litatheratu. Pamenepa musamachitepo ulesi: klorini akakumana ndi asidi, kaya ndi viniga kaya mandimu, amatulutsa mpweya wa poizoni. Kenako ndinayala phewalo pa thaulo lakale, kuwaza mchere, kufinyira madzi a mandimu mpaka mcherewo utanyowa chowechowe, n'kuika padzuwa. Chinsinsi chake n'kusalola kuti paume, ndiye ndinkabwerera pakapita mphindi khumi zilizonse kukadontheza ena. Nditabwereza katatu linali litazimirira ndithu, kutsala kamzera kopyapyala motsatira msoko, pomwe nsalu yapindidwa kawiri.

Kamzera kameneko kanagonja ndi oxalic acid, asidi waufa wochotsa dzimbiri. Kasipuni kamodzi kakang'ono m'kapu ya madzi ofunda, magolovesi m'manja, kudontheza ndi kathonje. Sipanathe mphindi zisanu. Ndinatsukuluza, kuviika m'madzi a soda kuti asidi wotsalira asadye ulusi, n'kuchapa ndi sopo. Oxalic ndi poizoni, wanga amakhala m'botolo lolembedwa bwino pamwamba posafika ana.

Oxalic ndi percarbonate ndimagula kwa ogulitsa zipangizo zopangira sopo, osati aja a m'mapaketi okongola. Ndimafuna ufa weniweni wopanda zonunkhiritsa ndi zina zongodzazira, kuti ndikayeza sipuni ndidziwe chomwe ndathira. Percarbonate yemweyu ndi amene anandipulumutsira nsalu ya patebulo chaka chatha, komanso ndi amene anandiwonongera juzi yaubweya, inauma gwa ngati chiguduli. Kuyambira pamenepo safika pafupi ndi ubweya kapena silika.

Mahang'ala awaya onse ndawachotsa m'kabati. Malayawo sindinawasite, ndikufuna ndiwaonenso mawa m'mawa kuwala kuli bwino, chifukwa kutentha kwa ayironi kumakhomerera chilichonse chotsalira.

Tsopano ndili ndi maganizo odula shiti yakale m'tizidutswa, tina ta thonje tina ta polyester ndikaipeza, n'kumathimbiriritsa dala: dzimbiri, inki, magazi, girisi, udzu. Kenako kuyesa mankhwala aliwonse pa banga lililonse, latsopano ndi logona sabata, n'kumata zotsatira zake m'kope. Ndikawerengera zikupitirira tizidutswa 60, ndipo pa silika sindinaganizebe poyambira.