Pi-hole ya ana: log inali yoyera, koma zinthu zikudutsa

Zatheka tsopano, anzanga: sefa yotsekera ana masamba olaula pa intaneti ya pakhomo ikugwira. Foni ya ana ikakhala pa Wi-Fi ya pakhomo pano palibenso browser imene ikutsegula nudity.testcategory.com, ngakhale kabrowser kena kamene kandizunguza mutu mwezi uno. Tsamba limeneli ndi la Cloudflare, analipanga dala kuti munthu aziyesera sefa yake popanda kulowa m'masamba enieni olaula. Likakutsegukirani, dziwani kuti penapake pabooka.

Zida zake ndi izi. Kakompyuta ka Raspberry Pi Zero 2 W kakuyendetsa Pi-hole v6, pulogalamu yoyankha mafunso a DNS (osandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi yake) n'kumakana mayina oletsedwa; upstream, kutanthauza maseva amene iyo imakafunsako, ndi a Cloudflare osefa zolaula, 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3, kenako pamwamba pake pali mindandanda iwiri ya masamba otsekedwa, wa StevenBlack wokhala ndi gawo la zolaula ndi wa NSFW wa OISD. RAM ya 512MB ikukwana, kungoti gravity, imene imasonkhanitsa mindandandayo, ikamadzikonza kamakhala ngati kakuwodzera. Rauta ya 4G ya kampani ya foni siilola kusintha DNS, choncho Wi-Fi yake ndinaizimitsa, ndipo chingwe chimachoka pamenepo kupita ku rauta ina, MikroTik hAP lite. Aliyense m'nyumba muno amalowera pa hAP.

SafeSearch, sefa ya zotsatira za kusaka pa Google ndi kwina, inatheka kalekale, koma ndifotokozeko chifukwa funso la momwe mungaikakamizire limabwerabwera. CNAME (kulozetsa dzina lina ku linzake) ya mu Pi-hole siigwira ngati dzina lomwe mukulozako silikudziwika m'makinamo. Yambani mwaika forcesafesearch.google.com ndi adiresi yake, 216.239.38.120, mu Local DNS Records, ndiye mulozetse www.google.com kumeneko. Musaiwale google.mw ndi google.co.za. Bing ili ndi strict.bing.com, DuckDuckGo ili ndi safe.duckduckgo.com. Ku YouTube ndinasankha restrictmoderate.youtube.com, ndipo muyenera kuphatikiza m.youtube.com ndi youtubei.googleapis.com, apo ayi pulogalamu ya pa foni imangodutsa osatsekedwa. Zimenezi zimagwira aliyense, sizisankha gulu, moti amayi a kunyumba anafunsa kuti ndemanga za pansi pa makanema a makwaya zapita kuti. Ndinawafotokozera, anangoti "chabwino" wa mtundu uja woti nkhaniyi tidzaikambanso.

Tsono vuto lenileni. Ndinatenga foni ya ana kuti ndiyese browser iliyonse imene ili momwemo. Chrome inakana, Firefox inakana. Koma muli kena kaja kopulumutsa data, sinditchula dzina, nonse mukukadziwa, mafoni ambiri otsika mtengo amachita kubwera nako. Ndinalemba adiresi yoyesera ija, tsamba n'kutseguka bwinobwino. Nditapita pa Query Log ya Pi-hole, momwe mumalembedwa mayina onse ofunsidwa, dzinalo munalibemo. Likanalembedwa kuti laloledwa bwenzi ndikudziwa poyambira. Munalibiretu, ngati kuti foniyo sinafunse kanthu.

Choyamba ndinaganiza za DoH (DNS over HTTPS, kufunsa mayina mobisa osadzera pa Pi), monga mmene aliyense wa ife angaganizire. Firefox inayamba kuyatsa yokha DNS over HTTPS ku United States mu 2020, ndipo imayamba yafunsa dzina la use-application-dns.net, ikamva kuti kulibe, imabwerera ku DNS ya pa netiweki. Pi-hole imayankha choncho yokha, koma zimenezo zimathandiza pokhapokha ngati munthu sanayatse DoH ndi dzanja lake. Chrome nayo ili ndi Secure DNS, momwe mwana wochenjera angasankhe seva ina. Ndiye ndinawonjezera mndandanda wa HaGeZi wotseka maseva a DoH, VPN ndi ma proxy, ndinathamangitsa gravity, n'kuyesanso. Tsamba linatseguka.

Ndinasamukira pa MikroTik. Lamulo la dst-nat loti chilichonse chopita pa port 53 ya DNS, UDP ndi TCP, chikhotere ku Pi, kupatula Pi mwiniwake, kuopa kuti angamadzifunse yekha mpaka kalekale. Port 853 ndinaitseka chifukwa cha Private DNS ya Android. IPv6 ndinaizimitsa yonse, poti ndinkakayikira kuti foni ikulandira DNS ina kudzera kumeneko. Zonsezi n'zofunika, ndipo ndazisiya momwemo, koma kabrowser kaja sikanamve n'komwe. Usiku wina ndinafika poganiza kuti mwina foni ikuzembera pa data ya SIM, mpaka ndinachotsa SIM. Chimodzimodzi.

Chinandiululira ndi Torch, chida choonetsa kumene foni ikutumiza data pa nthawiyo. Ndinatsegula pihole -t, yoonetsa log pompopompo, mbali ina, Torch ya MikroTik mbali inayo, n'kuyamba kulemba maadiresi osiyanasiyana m'kabrowser kaja: nyuzipepala ya kuno, tsamba la mpira, tsamba loyesera lija. Chilichonse chimene ndalemba, foni inkalankhula ndi maseva amodzimodzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kameneka sikapita kokha kukatenga tsamba. Kamatumiza adiresi ku maseva a kampani yake kunja, iwowo ndi amene amafunsa DNS, amatenga tsambalo, amalifinya zithunzi ndi zonse kuti lichepe, n'kulitumiza kwa inu. Pi wanga amangoona dzina la kampaniyo basi. Zili ngati mlonda wa pageti amene wauzidwa nkhope za anthu osaloledwa kulowa, pamene katundu yense akubwera ndi wa kabaza mmodzi amene amamupatsa moni tsiku lililonse.

Sikuti kabrowserko kanalakwa. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo bandulo imakhalitsadi. Chondinyansa n'chakuti malangizo ambiri a Pi-hole amene timawerenga amalembedwa ndi anthu a fibre yosatha, amene sanaonepo chifukwa chofinyira tsamba. Amadandaula za DoH ndi VPN, za izi ayi. Google inachotsa Lite mode mu Chrome 100 m'chaka cha 2022, ponena kuti data yatsika mtengo m'mayiko ambiri. Kunoko mwana akapatsidwa foni yotsala, chinthu choyamba chimene msuweni wake amamuikira ndi browser yoti MB zisathe msanga. Ndiye amene mumayang'ana dashboard n'kumasangalala ndi manambala a zotsekedwa, tengani foniyo m'manja muyese browser imodzi ndi imodzi. Log imangonena za mafunso amene afika kwa iyo.

Kukonza kwake sikunavute nditadziwa chochita. Ndinalemba mayina a maseva amene ankabwerezabwereza mu log, ndinawapangira regex imodzi (lamulo lotseka mayina onse ofanana kalembedwe), kabrowser kaja n'kuyamba kuzungulira osatsegula kalikonse. Mavuto anabwera madzulo ake, chifukwa amayi a kunyumba amagwiritsa ntchito komweko. Apa m'pamene magulu a Pi-hole, amene anabwera ndi v5 mu 2020, anandithandiza. Koma ndinawatembenuza. Ambiri amapanga gulu la ana n'kuikamo mafoni awo, pomwe kuyambira Android 10 foni imapereka MAC (nambala yoizindikirira) yongopeka pa Wi-Fi, ndipo mwana wodziwa kusintha pakati pa yopeka ndi yeniyeni amatuluka m'gululo osavutika. Ine gulu la Default ndi limene ndalikhwimitsa kwambiri. Mafoni a akuluakulu ndi laputopu yanga ndi amene ndawalemba mayina, ndawapatsa static lease (adiresi yosasintha), n'kuwachotsera regex ija. Foni iliyonse yachilendo, kaya ya mnzawo wa kusukulu kaya ya mlendo wochokera kumudzi, imagwera kokhwima. Ankolo akabwera adzadandaula, tidzawalemba nawonso.

Ndipatuke pang'ono za magetsi, popeza n'zimene zinandiphera ntchito yanga yoyamba, ya kamera ya pakhola la nkhuku. SD card siikonda kuzimiridwa ikulemba, ndipo Pi-hole imalemba nthawi zonse. Pano ndinaika log2ram, yolemba log mu RAM m'malo mwa SD card, komanso Pi, hAP ndi rauta zonse zili pa ka mini UPS. Kameneka ndinakapeza m'sitolo ina ku Limbe, kwa bambo wina amene amakulola kuyesa chinthu ndi multimeter usanalipire, khalidwe losowa masiku ano. Ma SD card sindigulanso a pamsewu, olembedwa 64GB koma m'kati mulibe ngakhale theka. Pi yeniyeniyo inabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ili m'chikwama cha mlamu wanga pakati pa mabulangete.

Chinanso pa nkhani yomweyi: musaike 8.8.8.8 ngati DNS yachiwiri mu DHCP poganiza kuti idzathandiza Pi akafa. Zipangizo sizidikira kuti woyamba afe, zimafunsa amene zafuna. Ine ndagwiritsa ntchito Netwatch ya MikroTik, yoyang'anira ngati Pi akuyankha. Pi akasiya kuyankha, ka script kamasinthira lamulo la dst-nat lija ku 1.1.1.3, akadzuka kamabweza. Mwakutero intaneti siifa, ndipo sefa imatsalako ngakhale yochepa.

Zimene sizinatheke n'zambiri, ndisakunamizeni. Mwana akazimitsa Wi-Fi n'kuyatsa data, zonse ndafotokozazi zimatsala pakhomo. Mukaika family.cloudflare-dns.com mu Private DNS ya foni, imagwira pa data, koma kuichotsa n'kongodina kangapo, ndiponso browser yodutsira pa maseva akeake imailambalala monga inalambalalira Pi. Ndiye kabrowser kaja ndakaletsa kudzera mu Family Link, pulogalamu ya Google yoti makolo aziyang'anira foni ya mwana, ndatsekanso kuika ma APK (mafailo a mapulogalamu) ochokera kwina, chifukwa ana amapatsana mapulogalamu pa Bluetooth ndi Xender nthawi yopuma kusukulu. Ndipo DNS imaona dzina la tsamba lokha, siiona za m'kati. X inalemba poyera mu 2024 kuti imalola zithunzi za akuluakulu zikakhala zolembedwa chizindikiro, choncho kumeneko n'kutseka yonse kapena kulola yonse. Kwa ana ndatseka yonse, pamodzi ndi Reddit ndi Telegram. WhatsApp sindingatseke, homuweki imabwerera komweko. Zobwera mu memory card kuchokera kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pamsika, zimenezo palibe rauta ingazione. Mwana wamkuluyo ndamuuza zonse zimene ndaika ndi chifukwa chake, sindikufuna azidzazitulukira yekha ngati msampha.

Kutseka mopitirira nako kwayamba kuoneka. Mndandanda umodzi unakana tsamba la zaumoyo limene amafunapo zithunzi za phunziro la kuberekana mu Biology. Ndinaliika pa allowlist, koma zikuoneka kuti Loweruka lililonse ndiziyenera kuunguza zotsekedwa molakwika. Poyamba ndinkafuna regex ya mawu m'mayina a masamba, ndaileka, ingatseke zachipatala zambiri kuposa zolaula.

Chimene chikundisowetsa tulo pano ndi sefa yoona chithunzi chenichenicho. Pali NSFWJS, yoyendera TensorFlow.js m'kati mwa browser momwemo, imene imagawa zithunzi m'magulu asanu, ndipo Firefox ya pa Android inatsegula khomo la ma extension kumapeto kwa 2023. Ndikuganiza zopanga ka extension kobisa chithunzi chilichonse mpaka chitayesedwa. Kaya foni ya RAM ya 2GB ipirira, tiona ikatentha. Ena akundiuza za e2guardian, sefa yowerenga za m'kati mwa tsamba, koma kumasula HTTPS pakati n'kuika satifiketi m'foni iliyonse kukufuna Pi 4 ndi mtima wautali, ndipo mapulogalamu a banki sangavomere. Zikayenda, ndikufuna ndipange image imodzi yoti munthu angoiika pa SD card n'kulumikiza, tikayesere m'chipinda cha makompyuta cha sukulu ina kwathu kuno, mwinanso ndi tsamba la Chichewa louza mwana chifukwa chimene chatsekedwera. Amene muli ndi rauta ya hAP ac2 yongokhala mundiuze, ka lite aka kayamba kulemedwa ndi ma address list.