Zikomo anyamata a pa Great East Road

Ndati ndithokoze pano poti maina anu sindinafunse. Loweruka minibasi yathu inafera pafupi ndi masitolo a Manda Hill mu Lusaka mvula ikukhuthuka, ife tili ndi malipenga, tuba ndi ching'oma chija, ndiye inu anyamata anayi ogulitsa tokitaimu munangosiya malonda nkusenza zonse mpaka pakhonde la sitolo, wina mpaka kuvula jekete nkufundika mapepala a nyimbo, mwandi ndinasowa chonena. Nyimboyo ndi yatsopano, ya mtsinje wa Kafue, chitoliro chimalira ngati nkhwazi kenako ng'oma nkumagunda ngati bingu la mu Novembala. Kope linali limodzi lokha, likananyowa sitikanaimba. Ba tuba akuti mubwere ku pulakatisi Lachitatu tikuimbireni yonse.