Ku Valcourt pa sikidu, ka GPS kali pa handulo

Chaka chachitatu ndili ku Canada kuno ndi pomwe ndinavomera zokwera sikidu, alamu anga anakhala akundinyengerera kuyambira tsiku lomwe ndinatera ku Montreal. Iwo ndi a konkuno ku Quebec, anakwatira achemwali anga, ndipo kwawo ndi kufupi ndi Valcourt. Sikidu ndi njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, kutsogolo ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo lamba wa labala wokhala ndi mano. Dzina lenileni ndi motoneige mu Chifalansa koma aliyense amangoti Ski-Doo, ngati mmene kwathu mankhwala otsukira mano aliwonse timangoti Colgate.

Lachisanu madzulo tinali mu galaja. Ine ndinabwera ndi ka Garmin GPSMAP 64s kanga, ka GPS kosonyeza njira, komwe ndimayenda nako mmapiri nthawi yotentha, ndiye ndimati ndingokaika mthumba la jekete basi. Alamu anakana. Akuti mthumba kadzakuthandiza chani pomwe manja onse ali pa handulo ndipo wavala magolovesi okhuthala ngati pilo? Kuti ukaone mpaka uyime, uvule golovesi, utsegule zipi, ndipo pa kuzizira kuja zala zimayamba kuwawa usanathe ndi miniti imodzi. Za foni ndiye anati ndisaganizeko nkomwe, batire lake limafa msanga kukazizira, sikirini simva chala cha mu golovesi, komanso mutchire malo ambiri netiweki kulibe. Ubwino wa ka 64s ndi woti kali ndi mabatani enieni, umadina ndi golovesi kamamva.

Kumangirira kwake tinagwiritsa ntchito RAM mount. Ndi kampira ka labala ka inchi imodzi komwe kamamangidwa pa handulo ndi bawuti yooneka ngati chilembo cha U, kampira kena kali kumbuyo kwa kachikombole komwe GPS imalowamo, pakati pamakhala kamkono komwe umamanga ndi dzanja. Labala ija ndi yomwe imachepetsako kunjenjemera. Pomwe tinataya nthawi ndi posankha malo. Pa handulo ya sikidu padzaza kale, kumanja kuli moto womwe umakankha ndi chala chachikulu komanso batani lofiira lozimitsira injini, kumanzere buleki, ndiye pali mawaya otenthetsa zogwirira omwe ukawapana ndi bawuti wawononga. Tinakaika chapakati, pansi pang'ono kuti galasi lakutsogolo lizikatchinga ku mphepo, kenako alamu anandiuza kuti ndikhote handulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kumanzere kanagunda galasi ndiye tinamasula nkuyambiranso. Pomaliza anakamangirira ndi kachingwe ku handulo kuti kakasolotoka mu chikombole kasagwere mu chipale, chifukwa chinthu chikagwa mmenemo umakachipeza mu April.

Nkhani ya moto ndi yomwe ndikufuna aliyense woganiza zopanga izi amvetse. Alamu ali ndi masikidu awiri. Yakale ndi yoliza pokoka chingwe, ilibe batire, ndipo magetsi omwe amapita ku nyali zake ndi a AC ochokera ku injini, amakwera nkutsika malinga ndi mmene ukuponderera. Ukalumikiza tchaja ya USB pamenepo popanda rectifier, kachipangizo kosandutsa magetsi a AC kukhala a DC ngati a batire, utha kuotcha tchajayo ngakhale GPS imene. Yatsopano, yomwe anandipatsa ine, ili ndi batire la 12V ndi soketi ngati ya ndudu ya mgalimoto. GPS imafuna 5V, ndiye pakati pamafunika kachipangizo kotsitsa moto, ndipo ngati ukukoka waya kuchokera ku batire penipeni uyikepo fyuzi pafupi ndi batirelo, komanso ndi bwino kutenga moto pa waya womwe umazima injini ikazima, apo ayi mmawa upeza batire latha. Palinso ka pulagi kena kozungulira kotenthetsera galasi la helemeti, ako nka 12V, usakayerekeze kulowetsa ku GPS.

Kenako anandifunsa kuti mkati muli mabatire anji. Ndinati wamba, a alkaline. Anapukusa mutu nkutulutsa awiri a AA a lithium mu kabati, akuti amenewa amapirira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro pomwe a alkaline amafooka kukangozizira kwambiri. Ine ndinati nanga si tili ndi waya kale alamu? Anangoti ikani, muona. Ndinalowanso mu menu nkusintha mtundu wa batire kukhala lithium kuti kazionetsa bwino moto wotsala.

Loweruka tinadzuka kuli madigiri 24 pansi pa ziro. Misewu ya masikidu ku Quebec ndi yodabwitsa abale, yonse pamodzi imapitirira makilomita 33,000, imasamalidwa ndi makalabu a anthu ongodzipereka pansi pa bungwe la FCMQ, ili ndi manambala, zikwangwani, ndipo usiku pamadutsa chimakina chosalaza. Uyenera kulipira chiphaso chake, helemeti ndi lamulo, liwiro lisapitirire makilomita 70 pa ola. Ine sindinafikeko nkomwe, ndimayenda cha mma 35 mpaka 40 ndipo mtima uli phaphapha. Tinadutsa mnkhalango ya mitengo ya maple yomwe yazunguliridwa ndi timapaipi ta buluu todikira nyengo yokolola madzi ake, kuli zii, ukazimitsa injini umamva kupuma kwako kokha.

Masana tinaima ku Valcourt nkulowa mu museum ya Joseph-Armand Bombardier. Apa ndi pomwe ulendo unasiya kukhala masewera kwa ine. Bamboyu anabadwira mtauni yomweyi mu 1907, ndipo mu 1934 nthawi ya chisanu mwana wake wamng'ono anadwala mmimba nkumwalira chifukwa misewu inatsekeka ndi chipale, sanathe kufika naye kuchipatala. Mu 1937 anatulutsa B7, galimoto yoyenda pa chipale yonyamula anthu 7, ndipo Ski-Doo yaing'ono ngati yomwe ndinakwerayi inabwera mu 1959. Ndinaima nthawi yaitali pa B7 ija. Aliyense amene anakulira kumudzi kwathu akudziwa za wodwala pa ngolo mu February mlatho utakokoloka, kusiyana kwake nkoti kuno njira imatsekedwa ndi zoyera, kwathu ndi matope.

Pobwerera cha mma 3 koloko mphepo inayamba. Kuno amati poudrerie, chipale sichikugwa kuchokera kumwamba ayi, mphepo ikungonyamula chomwe chili pansi nkumachiulutsa. Munkhalango zinali bwinobwino koma titatulukira pa minda ikuluikulu zonse zinangoti mbuu, kumwamba ndi pansi mtundu umodzi, timitengo tofiira tosonyeza njira ndimaona kamodzi kenako osaonanso, nyali yofiira ya alamu kutsogolo ikuoneka nkusowa. Pomwepo ndi pomwe sikirini inaonetsa kuti moto wakunja wachoka. Waya wotchipa womwe ndinagula pa intaneti unauma gwa ndi kuzizira, ndiye ndi kugwedezeka kuja unasolotoka pa kabowo ka mini-USB kumbuyo. GPS sinazime. Inangopitiriza ndi mabatire a lithium aja.

Pa mphambano ina pakati pa munda chikwangwani chinali chitakutidwa, alamu anaima nkubwera kwa ine wapansi, chipale chikuwalekeza mmawondo. Anatsegula galasi la helemeti nkukuwa kuti alamu, mzere wathu wa mmawa uli kuti? Tinawerama tonse pa kasikirini kaja, kakuchedwa kusintha chifukwa cha kuzizira koma kakuoneka. Mzere womwe kanajambula popita unali kumanzere, pafupifupi mamita 200 kuchokera pomwe tinali, kutanthauza kuti tinali titalowa kale njira ina osadziwa. Ndinayatsa TracBack, yomwe imakubweza potsata mzere womwe unadzera, tinatembenuza masikidu pokoka ndi manja chifukwa yakale ija ilibe livesi, nkuyamba kutsata mzerewo pang'onopang'ono, ine patsogolo tsopano. Kampasi yake ukaima pafupi ndi zitsulo ndi mawaya imatha kusokonezeka, ndiye ndimangoyang'ana kakatatu kosonyeza ife ngati kali pa mzere.

Wayawo sindinaubwezeretse mnjira, ndinangotseka kachivindikiro ka labala kuti chipale chisalowe pa kabowo. Tinafika pa galaja kutada, masaya atachita dzanzi, mabatire akuonetsabe kuti ngodzaza. Mawa lake alamu anadula kamphira ka chubu chakale nkumanga waya watsopano ku kamkono ka RAM, kusiya kakhota pang'ono kuti kulemera kwa waya kusakokere pulagi, mmene akabaza amamangira katundu kwathu. Koma usiku umenewo sitinagwirenso sipanala, achemwali anali ataphika kale nsima ndi ufa womwe ndinawabweretsera kuchokera ku Montreal, ndipo alamu anadya mitanda itatu ndi manja.