Tinakaziziritsa madzi ndi mchere ku Blantyre

Tinanyamuka ku Chikwawa Loweruka m'mamawa, ophunzira 14 a kalabu ya sayansi ndi aphunzitsi athu awiri. Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kuyamba chitunda cha Thabwa, minibasi inkangobuula. Pofika mu mzinda ena anali atavala kale majuzi, poti ife a kuchigwa mphepo ya ku Blantyre sitidziwana nayo.

Sukulu imene inatiitana ili chakufupi ndi Limbe. Labotale yawo ili ndi themomita pa tebulo lililonse, pamene ife timalimbirana imodzi.

Madamu ophunzitsa Chemistry anatipatsa kapu yopepuka ija yomwera tiyi, madzi okwana magalamu 100 ndi magalamu 8 a ammonium nitrate, mchere umene umapezekanso mu feteleza wa CAN. "Musanathire," anatero, "werengerani kaye kuti madziwa asintha ndi madigiri angati." Tinangoyang'anana.

Anafotokoza kuti mchere ukamasungunuka pamachitika zinthu ziwiri. Kulekanitsa tizidutswa take kumafuna mphamvu, koma madzi akamazinga tizidutswato mphamvu imatuluka. Ikachuluka yofunikayo, mcherewo umaitenga m'madzi momwemo ndipo amazizira. Ammonium nitrate amatenga ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 25,700 pa mole imodzi (muyeso wa kuchuluka kwa tizidutswa), ndipo mole yake ndi magalamu 80. Ndiye kuti magalamu 8 athu aja atenga ma joule 2,570. Nambala imeneyi umaigawa ndi yankho limene umapeza ukachulukitsa kulemera kwa madzi ndi 4.18, ma joule amene galamu imodzi ya madzi imafuna kuti isinthe ndi digiri imodzi.

Mkangano unabuka apa. Ife tinagwiritsa ntchito magalamu 100 n'kupeza madigiri 6.1. Eni sukulu anaphatikiza mchere womwe, magalamu 108, napeza 5.7. Mnyamata wina wa kwawo ananena mokweza kuti a ku Chikwawa dzuwa linatiwotcha mitu. Tinaseka, koma mumtima zinawawa. Madamu anati njira zonse ziwiri zimapezeka m'mabuku, chachikulu n'kulemba momveka kulemera kumene watenga. Kwa ine ya 108 ndiyo yomveka, chifukwa themomita imakhala m'madzi osakanikirana kale ndi mcherewo.

Titathira n'kuvundula, themomita inatsika kuchoka pa 24 kufika pa 19. Madigiri 5 okha. Palibe gulu linalasa ndendende. Kapu yathu inalibe chivundikiro, ndipo mnzanga anaifumbata nthawi yonseyi, choncho kutentha kwa m'manja mwake ndi kwa mpweya kunkalowa.

Mchere wa pandiwo unatigwiritsa mwala: magalamu 6 sanatsitse ngakhale digiri imodzi yathunthu. Koma mchere wina wotchedwa calcium chloride, wouma, magalamu 11, anatenthetsa kapu mpaka mtsikana wina anakuwa. Powerengera tinapeza kuti ayenera kukweza ndi madigiri oposa 17.

Nsima tinadyera pamodzi, ndipo mnyamata wonyoza uja ndi amene anatiperekeza kukagula makapu a zivundikiro mu msika wa Limbe. Aphunzitsi ati sabata ya mawa tiyese ndi CAN wa m'dimba la sukulu, ngakhale sasungunuka yense chifukwa ali ndi laimu. Potsika Thabwa madzulo majuzi onse anali atabwerera m'zikwama.