Intaneti ya ku Joni ndimailipira katatu

Ntchito yanga ndi ya pa laputopu, mabwana ali ku London ine ndili mu kachipinda ka lendi ku Johannesburg, ndiye netiweki ikangoduka basi tsiku limenelo ndajomba ngakhale ndakhala pampando kuyambira m'mawa. Abale kumudzi akamva zoti ndimagwira ntchito nditavala kabudula amaona ngati ma rand amangoyoyoka ngati mango a Disembala.

Fibre, intaneti ya pa chingwe, ndimalipira pafupifupi R700 pamwezi, uncapped, yopanda malire, ndipo poyamba ndinkati zatheka. Kenako 2023 inabwera ndi load shedding ya stage 6, magetsi kuzima maola awiri, kuyaka, madzulo kuzimanso maola anayi, ine ndinathawa kuthimathima kwathu kudzakupezanso kuno aise. Chingwe cha fibre chenichenicho sichifuna magetsi, mumadutsa kuwala, koma kabokosi ka pakhoma kaja ndi rauta zikapanda moto ndi zidole chabe. Ndinakagula ka mini UPS ka pafupifupi R1,000, kabatire kongokwana m'dzanja, masiku oyamba kankapirira bwinobwino koma miyezi itapita kanayamba kufooka, magetsi amabwera kasanadzadze n'kuzimanso. Foni yanga app imene ndinkatsegula koyamba ndikadzuka inali EskomSePush, yoonetsa nthawi imene magetsi azime, WhatsApp pambuyo.

Ndalama yachitatu ndi data ya pa foni yongodikira tsoka. Ma SIM ndili nawo awiri a makampani osiyana, onse ndinachita RICA, kumene ndi kulembetsa SIM ndi pasipoti ndi pepala losonyeza pomwe ukukhala, ndipo ngati ukupanga lendi kuseri kwa nyumba ya munthu pepala limenelo kulipeza ndi nkhani ina. Vuto ndi loti magetsi akazima dera lonse aliyense amathamangira pa foni, ma tower nawo amadalira mabatire amene amatha, ena akuba amachita kuzula, ndiye bandulo uli nayo koma Zoom ikungozungulira. Ukapanda kuigwiritsa ntchito imatha yokha pakatha masiku 30, zimandiwawa bwanji.

Tsiku lina ndinali ndi miting'i 3 koloko, UPS yafa, foni ikuonetsa kamzere kamodzi. Ndinakwera Uber kupita ku mall komwe kuli jenereta, ndinapeza ma soketi onse a mu cafe atagwidwa kale ndi anzanga a ma laputopu, aliyense nkhope ili gwa. Ndinagula khofi amene sindimamwa n'komwe kuti andipatse password, n'kukhala pafupi ndi khomo la ku toileti chifukwa soketi yotsala inali pomwepo, makina oumitsira m'manja aja akangolira ine mute, akasiya ndiyankhule. Bwana anangoti mawu akumveka bwino lero.

Madzulo ake mayi anaimba video call, akuti akufuna aone ngati ndanenepa. Ndinawauza kuti kamera yavuta, tinangocheza pa voice.